Funsa Mphepo Usanagule Rozi

Mdzukulu wanga, chithunzi chimene unatumiza pa WhatsApp ndachiona. Mlongo wako anachikulitsa ndi zala pafoni kuti maso anga okalambawa aone bwino, ndipo ndinaona mphika uli chigonere, dothi lili mbwee pakhonde, rozi wako wofiira atathyoka pakati ngati bango lopondedwa ndi mvuu. M'munsi mwake unalemba kuti, "Agogo, dzanja langa ndi loipa, maluwa sandiyanja." Ndinaseka, koma sindinkaseka iwe, mkazi wanga. Dzanja lako lilibe mlandu. Amene wapha duwa lakolo ndimamudziwa bwino. Ndinakhala naye zaka 19 ndikugwira ntchito m'minda ya maluwa ya anthu ku Cape Town komweko, ndipo nanenso anandiphera maluwa ambiri ndisanaphunzire kumuopa.

Eni mzindawo amamutcha Cape Doctor, ati chifukwa amasesa utsi ndi fungo la m'tauni n'kukazitaya m'nyanja. Ngati ndi dokotala, ndiye ndi uja wobaya jakisoni osayamba wapereka moni. Amachokera kum'mwera chakum'mawa monga mwera wathu kuno ku Nkhotakota, kungoti wathuyu amavuta m'miyezi yozizira, pamene wa kumeneko amalusa m'chilimwe, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, nthawi yomwe marozi amafuna kuonetsa maluwa awo. Ukaona mtambo woyera wayalidwa pamwamba pa Table Mountain n'kumasefukira kunsi, usayanike zovala zopanda zopanira. Mu Malichi 2017 ndinali komweko pamene mpikisano wa njinga wa Cape Town Cycle Tour unalephereka m'mawa wa tsiku lake lomwelo. Mphepo inkagwetsa akuluakulu pamodzi ndi njinga zawo poyambira penipeni, pamene msewu umadutsa kunsi kwa nyumba yaitali ya Civic Centre.

Si mwangozi kuti anagwera pamenepo. Mphepo ili ngati madzi a mumtsinje: ikapanikizika pakati pa makoma imathamanga kwambiri, ndipo ikagunda khoma lalitali imagawikana, ina kukwera, ina kutsika, ina kuzungulira pangodya ili ndi ukali woposa umene inabwera nawo. Pansi pamakhala mitengo, mipanda ndi tinyumba zimene zimaifooketsa. Iwe uli pansanjika ya 12, ku Vredehoek, kumene ngakhale okhala pansi amadandaula. Rozi yemwe unamuona akukondwa ku nazale anali kuseri kwa mpanda, pakati pa anzake mazanamazana otchingirana. Unamutenga pamenepo n'kukamuimika yekha pamphumi pa phiri.

Msodzi wa kuno sakankhira bwato m'madzi asanaime pamchenga n'kuyang'ana nyanja. Nawenso usagule kanthu kwa mlungu wathunthu. Ng'amba timizere ta chitenje chakutha, umange kamodzi pachitsulo cha khonde, kena pangodya iliyonse, kena pafupi ndi khoma cha m'munsi. Uzitiyang'ana m'mawa, masana ndi madzulo. Udzaona kuti khonde limodzi lomwelo lili ndi nyengo zingapo: pena kansalu kamaima chilili tsiku lonse, pena kamangogwedezeka pang'ono. Pamene kakugwedezeka pang'onopo ndiye munda wako. Uwerengenso maola a dzuwa pamalo amenewo. Rozi amafuna dzuwa la maola asanu ndi limodzi, ndipo mbali ino ya dziko lapansi khonde loyang'ana kumpoto ndi limene limalandira dzuwa lambiri. Likakhala kuti khonde lako layang'ana kum'mwera ndipo dzuwa limangosuzumirapo, ndikuuza mosabisa: usataye ndalama pa rozi, dzala zomera za mumthunzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mlungu umodzi si wautali poyerekeza ndi ndalama imene wataya kale.

Iwe waona kuthyoka chifukwa ndi kumene kumaoneka ndi maso, koma mphepo imapha kwambiri ndi ludzu. Tsamba lililonse limatulutsa chinyezi kudzera m'timabowo tosaoneka, makamaka kunsi kwake. Kunja kukakhala bata, chinyezicho chimakhala chitakuta tsamba ngati bulangeti, ndipo madzi amatuluka pang'onopang'ono. Mphepo imachotsa bulangetilo mosalekeza. Mizu imalephera kutunga madzi pa liwiro limene masamba akuwatayira, m'mbali mwa masamba mumayamba kupsa, nsonga zanthete zimafota, ndipo maluwa amauma asanamasule. Rozi wa pansi akhoza kutumiza mizu yake kutali kukasaka chinyezi. Wa mumphika ali ngati mbuzi yapachingwe, amadya pokhapo pamene wamumangirira. Ndiye pali kugwedezeka. Tsinde likamapita uku ndi uku tsiku lonse, limakumba kadzenje pozungulira pake, timizu tating'ono timene timamwa madzi timaduka, ndipo chomera chimafota ngakhale dothi lili lonyowa. Mwini wake amaona kufotako n'kuthira madzi ena, kenaka mizu imaola.

Rozi yemwe unagulayo ndi wa mtundu umene ku nazale amalemba kuti hybrid tea: nthambi yaitali yowongoka, pamwamba pake duwa limodzi lalikulu ngati chibakera. Anthu anawapanga dala otere kuti azidulidwa n'kuikidwa patebulo. Sindikuwanyoza. Mfumu yawo, rozi wotchedwa Peace, amene Francis Meilland wa ku France anapanga ndipo anapatsidwa dzinalo mu 1945, ndinamusamalira m'minda itatu, ndipo mpaka lero ndikatseka maso ndimaona chikasu chake chofiirira m'mbali. Koma duwa lolemera pansonga ya ndodo yaitali ndi chogwirira chimene wapatsa mphepo. Kwa iwe wa pamwambawe, ndi chikomekome cha mkuyu.

Ndikuuza izi chifukwa ndinapsa nazo. Chaka changa chachitatu kumeneko, mayi wina amene ndinkamugwirira ntchito ku Camps Bay anafuna marozi oyera pakhonde lake la pamwamba loyang'ana kunyanja. Ndinasankha Iceberg, amene Reimer Kordes anatulutsa ku Germany mu 1958. Ukayenda m'misewu ya ku South Africa udzamupeza pafupifupi pageti lililonse, chifukwa ndi wopirira zedi. Koma ine, pofuna kuoneka katswiri, ndinatenga aja omezanitsidwa pamwamba pa tsinde lalitali, ooneka ngati ambulera, asanu ndi mmodzi, ndi kuwaika m'miphika yaitali yopapatiza kunsi. Anakongola milungu itatu. Usiku wina wa mu Novembala dokotala uja anabwera, ndipo kutacha ndinapeza anayi ali pansi, awiri atadukira pomezanitsira penipeni. Mphika wina unasweka n'kuponya zibenthu pabwalo la m'munsi pamene ana ankasewera masana. Mayiyo sanandichotse ntchito, koma ndinasesa dothi lija manja akunjenjemera. Rozi anali wabwino, wolakwa ndinali ine amene ndinamuimika ngati mlongoti.

Amene anandiphunzitsa pambuyo pake ndi phiri lija la Table Mountain. Lamulungu lina ukwere pang'ono kuseri kwa nyumba yanuyo, uone zitsamba zimene zimamera pamene mphepo imawomba chaka ndi chaka. Zambiri ndi zazifupi, zothithikana, za masamba ang'onoang'ono olimba, ndipo nthambi zake ndi zambirimbiri zowonda. Rozi wa pakhonde lako afanane ndi zimenezo. Msinkhu wake ulekeze m'mawondo, ukatalika kwambiri ufike m'ntchafu. Akhale wotambalala kuposa kutalika kwake. Nthambi zikhale zochuluka, zoti ukazipinda ndi chala zimawerama n'kubwerera. Masamba akhale ang'ono, okhuthala, onyezimira ngati apakidwa mafuta, chifukwa otero sataya madzi msanga ndipo matenda sawalowa wamba. Maluwa akhale ang'onoang'ono obwera m'magulu. Mphepo ikathothola asanu, pamatsala makumi awiri, ndipo mawa ena amamasula. Pakapepala kamene amamangirira ku chomera ku nazale, chithunzi chisiye, uwerenge pamene alemba kutalika ndi kutambalala.

Mwa onse, amene ndingamuikire umboni ndi The Fairy. Ndi nkhalamba kuposa ine, anatuluka mu 1932 kuchokera kubanja la a Bentall ku England. Timaluwa take ndi tapinki, tating'ono ngati ndalama yachitsulo, koma timabwera m'mitolo mpaka nthambi kuwerama n'kulendewera m'mbali mwa mphika. Amachedwa kuyamba, moti anzake akamaonetsa maluwa mu Okutobala iye amakhala ngati wagona, ndiye usafulumire kumutaya. Akayamba saleka mpaka kuzizira kutafika. Dzuwa likakula timaluwato timatuwa n'kukhala ngati toyera, ndipo ena amadana nazo zimenezo. Ine ndimati mphika umodzi wandipatsa mitundu iwiri.

Wina ndi Flower Carpet, wa Werner Noack wa ku Germany. Uyu amamudzala m'mbali mwa misewu ndi m'mabwalo momwe mulibe munthu womunyengerera. Wapinki wake anapambana mayeso a ADR a m'dzikolo, pomwe marozi amadzalidwa m'minda yosiyanasiyana kwa zaka zitatu osapoperedwa mankhwala a matenda, ndipo wodwaladwala amagwa. Vuto lake n'lakuti amatambalala pafupifupi mita yathunthu ndipo minga yake si yamasewera, choncho usamuike pamene umadutsa poyanika zovala. Ukapita ku Ludwig's Roses, nazale ya marozi imene Ludwig Taschner anayambitsa kumpoto kwa Pretoria mu 1971 ndipo ili ndi nthambi cha ku Stellenbosch, ukafunsenso za rozi wotchedwa My Granny. Ndi wapinki, wotambalala, wokonda kulendewera mumphika. Dzinalo likutanthauza agogo, ndiye ukamugula uzimuthirira ndi ulemu.

Palinso timarozi tating'onoting'ono timene amati miniature, ndipo mbiri yake imandisangalatsa chifukwa inayambira pamalo ngati ako. Cha m'ma 1917 munthu wina dzina lake Roulet anapeza karozi kakafupi kakukula m'miphika pamawindo a nyumba za m'mudzi wina wa kumapiri ku Switzerland. Mnzake Henri Correvon wa ku Geneva anakachulukitsa n'kukatcha Rouletii, ndipo timarozi tambiri ta masiku ano ndi zidzukulu zake. Kholo lawo linali la pawindo, kotero mphika sauona ngati ndende. Koma apa samala. Tija amagulitsa m'masitolo a zakudya, tokutidwa m'pulasitiki yonyezimira pafupi ndi polipirira, tinakulira m'nyumba zagalasi, timitengo tinayi kapena tisanu tothinana m'kamphika kamodzi, ndipo anatikakamiza kuchita maluwa pa tsiku la msika. Sitinaonepo mphepo chibadwire. Gula ku nazale kumene chomera chakhala panja, chapsa ndi dzuwa ndi kunyowa ndi mvula. Ndipo kulikonse kumene ungagule, funsa ngati rozi ali pamizu yakeyake kapena ndi womezanitsa. Wa mizu yake akathyoka amaphukanso yemweyo kuchokera pansi. Womezanitsa, mfundo ya pomezanitsirapo ikhale yofanana ndi dothi kapena yokwiririka pang'ono, isatsale m'mwamba pomwe mphepo ingaipotokole.

Chimodzi ndikuuziretu kuti usadzandinene: ambiri mwa amenewa alibe fungo lamphamvu. Koma pansanjika ya 12 fungo ukanalimva liti? Likanapita ku chilumba cha Robben Island usanatsegule n'chitseko chomwe.

Mphika ndi theka la nkhani yonse, poti m'mera mpoyamba. Usatenge wautali wopapatiza kunsi ngati mtondo. Tenga wakufupi, wotakata pansi, wolemera, kuya kwake masentimita 40 ndipo kukamwa kwake chimodzimodzi kapena kuposerapo. Wapulasitiki wopepuka umauluka dothi likangouma, ndipo ukakhala wakuda umaphika mizu masana. Wadothi wosapaka kanthu umapuma, zimene ndi zabwino kumalo achinyezi, koma pamphepo umauma kawiri, pamwamba ndi m'mbali. Wasimenti kapena wadothi wopakidwa zonyezimira ndiye woyenera. Kunsi kukhale mabowo otulukira madzi. Komatu mphika wotere, ukadzaza dothi lonyowa, umalemera ngati thumba la chimanga la makilogalamu 50, ndipo khonde lopachikika m'malere lili ndi malire a katundu amene lingasenze. Funsa eni nyumba kapena oyang'anira nyumbayo usanakweze miphika isanu m'chikepe. Safunsa anadya phula. Yambira iwiri kapena itatu, uiike mogundizana pafupi ndi khoma la nyumba, pomwe khonde ndi lolimba ndiponso mphepo ndi yochepa, ndipo uimangirire ndi waya kapena chingwe cholimba ku chinthu chosasuntha. Kupachika mphika kunja kwa zitsulo za khonde usayerekeze n'komwe. Pansipo pamadutsa ana a anthu.

Dothi usakumbe la m'mbali mwa msewu, limagwirana mumphika ngati njerwa. Gula losakaniza kale lodzalira m'miphika, uwonjezere kompositi wakupsa bwino, gawo limodzi pa magawo atatu. Podzala utsindire ndi zibakera kuzungulira tsinde kuti lisagwedere. Pamwamba uphimbire, monga tichitira m'munda wa chimanga ndi mapesi, koma udzu ndi masamba ouma zidzauluka tsiku lomwelo n'kukagwera m'khonde la mnzako. Ika makungwa okhuthala kapena timiyala.

Udzafuna kutchinga mphepo, ndipo nzeru yoyamba imene idzakubwerere ndi kumanga thabwa kapena pulasitiki pazitsulo. Usatero. Mphepo ikagunda chinthu chosabooka imalumpha pamwamba n'kugwera kuseri kwake ikuzungulira ngati kamvuluvulu, pa rozi wako penipeni, ndipo tsiku lina idzazula thabwalo n'kupita nalo. Kumbukira mpanda waudzu wa pabafa la agogo ako aakazi: mphepo imalowa, koma imatulukira mbali inayo itatopa. Neti yobiriwira ya m'manazale, imene theka lake ndi mabowo, imagwira ntchito yomweyo. Uimange zolimba m'munsi ndi m'mwamba, utafunsa kaye ngati malamulo a nyumbayo amalola.

Kuthirira ndiko kudzaonetse ngati ukufunadi maluwa. M'chilimwe ndi tsiku lililonse, m'mawa usanapite kuntchito, ndipo masiku a mphepo yamphamvu uyang'anenso madzulo. Pisa chala m'dothi mpaka mfundo yachiwiri. Chikatuluka chouma, thira pang'onopang'ono mpaka madzi ayambe kutuluka kunsi, ndipo pansi pakhale mbale yowalandira kuti asadonthere pa zovala za a pansanjika ya 11, koma mphika usagone m'madzimo. Mu 2018, chaka chimene ndinabwerera kuno, mzindawo unatsala pang'ono kutseka mipopi, ndipo munthu aliyense ankaloledwa malita 50 okha patsiku. Tinkaika chidebe m'bafa kulandira madzi ozizira aja amene amatuluka otentha asanafike, ndipo amenewo ndiwo ankasunga maluwa. Chizolowezi chimenecho uchitenge ngakhale madamu atadzaza. Madzi asopo ndiwo ayi, mchere wake umaunjikana mumphika. Popeza kuthirira pafupipafupi kumatsuka chakudya m'dothi, uzipatsa fetereza wa marozi pang'ono mwezi uliwonse kuyambira Seputembala mpaka Epulo, dothi lili lonyowa. Ukachulutsa, rozi amatulutsa nsonga zazitali zanthete, zomwe ndi ndiwo za mphepo ndi nsabwe.

Ubwino wa mphepo ulipo umodzi: masamba amauma msanga, kotero matenda a madontho akuda savuta kwenikweni. M'malo mwake udzalimbana ndi kangaude wofiira, yemwe uja amatha tomato wa amalume ako kudimba. Amakonda malo otentha ndi ouma. Masamba akayamba kutuwa ngati awazidwa phulusa, tembenuza limodzi uone kunsi. Mankhwala ake oyamba ndi madzi: tsuka kunsi kwa masamba mwamphamvu kawiri pamlungu, ndipo mphika usaume. Kudulira kwakukulu ndi kumapeto kwa Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti. Marozi afupiafupiwa safuna ukatswiri, ungodula theka la msinkhu wake, uchotse nthambi zouma, ndipo chilimwe chonse nthambi ikatumphuka kupitirira zinzake uidule isanakhale mlongoti.

Msuweni wako wa ku Leeds ku England, amene ndamva kuti nayenso akukhala m'mwamba, umuuze kuti zambiri mwa izi ndi zakenso, koma atembenuze. Iye afune khonde loyang'ana kum'mwera, adulire cha mu Malichi, ndipo mdani wake wina ndi chisanu chimene chimaumitsa dothi la mumphika kukhala mwala, choncho m'miyezi yozizira akulunge miphika ndi masaka n'kuikokera kukhoma. Kwawoko akhoza kupeza Sweet Dream wa Gareth Fryer, wa mu 1988, wamfupi bwino, wa maluwa ofiirira ngati papaya wakupsa. Ngati ali ndi malo a mphika waukulu ayesenso Fru Dagmar Hastrup, wa ku Denmark, wa mu 1914. Ameneyu ndi wa fuko la rugosa, limene kwawo ndi m'michenga ya m'mphepete mwa nyanja ku Japan, Korea ndi maiko oyandikana nawo, kumene mphepo yamchere ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku. Masamba ake ndi amakwinya ngati nkhope yangayi, ndipo mosiyana ndi anzake aja, iye fungo ali nalo.

Tsono za rozi wako wofiira wothyokayo. Pachithunzi ndaona kuti m'munsi mwa pothyokapo tsinde likadali lobiriwira, ndiye sanafe. Mudule ndi mpeni wakuthwa pansi pa balalo, pamwamba pang'ono pa diso loyang'ana kunja, umubwezere dothi lake, umuthirire, umuike kuseri kwa chitseko cha khonde masiku angapo. Lamulungu umunyamule popita kutchalitchi, ukapatse mayi aja unandiuza kuti ali ndi kabwalo kampanda ku Parow. Uwapemphe kuti duwa loyamba likadzamasula adzakudulire, udzaliike patebulo m'nyumba. Timizere ta chitenje tija ukatimanga, unditumizire kanema wake pafoni, tidzasankhire limodzi pokhala miphika.